Mimba ya Mtsamilo ku Nyampande

Ndinayamba maphunzilo a ku yunivesite nditapitilila kale zaka makumi anayi, ana anga atakula moti wamkulu ndiye anandilembetsa pa kompyuta. Ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ku Kaumbwe. Maphunzilo ake anali aja ophunzila uli kwanu: umalandila mabuku, umawelenga wekha, ndipo sukulu zikatsekela umakwela basi kupita ku Lusaka kukakhala milungu ingapo m'kalasi. Ana amene ndinkawaphunzitsa akamathamangila kutchuthi, ine ndiye ndinkalongedza chikwama, mbale ndi bulangete.

Chaka choyamba panali phunzilo limodzi lomwe aliyense ankayenela kulitenga, kaya akuphunzila uphunzitsi, unamwino kapena zaulimi. Linali la luso la kulankhulana ndi kugwilila nchito pamodzi. Titaliona, ambili tinaseka. Ine pakamwa ndiye pankandidyetsa, nanga munthu akanandiphunzitsanso chiyani za kulankhula?

Otiphunzitsa anali amai ena aafupi, olankhula motsitsa mawu moti kalasi yonse inkachita kukhala chete kuti iwamve. Tsiku loyamba sanalembe kanthu pa bolodi. Anatiuza kuti tikhale awiliawili, mofulatilana. Mmodzi anamupatsa chithunzi, winayo pepala ndi pensulo. Wa chithunzi ankayenela kufotokoza zomwe akuona popanda kutchula dzina la chinthucho, ndipo mnzake azijambula.

Ine ndinagwela kwa bambo ena a ku Nyimba, mlangizi wa zaulimi, aatali, a imvi m'mbali mwa mutu. Chithunzi chinali kwa iwo.

"Jambulani bokosi, amai," anayamba. "Lalikulu ndithu, lopanda chivindikilo. Pansi pake muike zozungulila ziwili. Kutsogolo kwake kuli mtengo wautali. Kwathu timakonda wa tsanya chifukwa suthyoka msanga, ngakhale masiku ano anthu angotengela uliwonse, ndiye mumaona pakangopita chaka chimodzi..."

Anapitiliza za mitengo ya kwawo, ine ndikujambula. Nthawi itatha tinatembenuka. Pa chithunzi chawo panali ngolo ya ng'ombe. Pa pepala langa panali bokosi lokhala pa mbale ziwili, ndipo kutsogolo kwake kunamela mtengo wa nthambi ndi masamba, ndinaikapo ngakhale kambalame.

Kalasi inafa nazo kuseka. Aphunzitsi anatenga pepala lija nalikweza.

"Wolakwa ndani apa?"

Ine ndinaloza bambo aja, iwonso analoza ine.

"Amai, munafunsako kuti mtengo wake ndi wotani?"

"Ayi."

"Bambo, munafunsako ngati amai akukumvani?"

"Ayi."

"Ndiye mtengowu mwabzala nonse awili," anatelo, nandibwezela pepala.

Tisanabwelele kwathu anatigawa m'magulu potengela kumene tinkachokela, kuti tizitha kukumana. A ku Petauke ndi Nyimba tinapezeka anayi. Panali ine, panali alangizi aja, panali namwino wa pa kachipatala kena kufupi ndi Minga, mayi wachangu amene ankayenda ngati wasiya mphika pamoto, ndipo wachinayi anali wapolisi wamkazi wa pa boma ku Petauke, wobadwila ku Nyampande. Ameneyu tinkamutcha a ofesala. M'kalasi sankalankhula. Ankangoyang'ana wolankhulayo m'maso, ndipo ukamalankhula naye umayamba kudzifunsa ngati unasiya njinga yako pamalo olakwika.

Nchito yathu inali yoti tisankhe nkhani imodzi yokhudza anthu a kwathu, tipite kukakambilana nawo, tijambule pa foni, kenako tidzafotokoze m'kalasi pa tchuthi chotsatila. Malikisi anali amodzi kwa gulu lonse. Aphunzitsi anatipatsanso lamulo limodzi loti tinyamule. Anati tikasemphana maganizo, munthu asayankhe asanabweleze zomwe mnzake wanena, mpaka mwini mawuyo avomele kuti wamvedwa bwino.

Tinatsegula gulu la pa foni. Kwathu ku Kaumbwe netiweki inkagwila bwino pa chulu cha kuseli kwa nyumba ya ahedi, choncho madzulo aliwonse ndikaweluka ndinkakwela pachulupo. Ndinkapeza mauthenga a mawu ochokela kwa alangizi, aatali ngati ulaliki wa pa Khilisimasi. Ankayamba ndi kupeleka moni kwa aliyense payekhapayekha, kufunsa za mvula, kenako n'kufika pa nkhani batile itatsala pang'ono. Inenso ndinkayankha motalika, ndisaname. Namwino ankalemba mawu amodzi kapena awili, "chabwino" kapena "ndili pa nchito". A ofesala ankangoika kachizindikilo ka chala chachikulu. Mwezi unatha tisanagwilizane ngakhale mutu wa nkhani.

Tsiku lina ndinapeza uthenga wa a ofesala, woyamba wokhala ndi mawu: "Tikumane ku Minga Loweluka. Pa foni sititha."

Tinakumana kunyumba kwa namwino, popeza Minga ali pakati. Anatiyalila mphasa pakhonde natiikila lichelo la nshawa zokazinga. Tisanamalize n'komwe moni, aliyense anatulutsa zake. Alangizi ankafuna tikambe za kasungidwe ka chimanga. Ine ndinkafuna za atsikana amene amajomba kusukulu nthawi yokolola. Namwino ankafuna za amuna amene sapelekeza akazi awo oyembekezela ku sikelo. Tinkalankhula atatu nthawi imodzi, ndipo nkhuku za namwino zinapezelapo mwayi pa lichelo.

A ofesala anaingitsa nkhuku zija, kenako anati, "Aphunzitsi anatipatsa lamulo. Tiyeni tiliyese. Bambo, bwelezani zomwe anena a sisita."

Alangizi anakonza kukhosi. "A sisita anena kuti amuna azipelekeza akazi awo ku sikelo, ndipo pobwela azidzela kumunda kukaona ngati..."

"Za kumunda sindinanene," anatelo namwino.

"Chabwino. A sisita anena kuti amuna ndi aulesi."

"Zimenezonso sindinanene."

Tinaseka, iwonso anaseka, koma a ofesala anangoti, "A sisita, nenaninso."

Namwino ananenanso, ulendo uno mofatsa. Anati mayi akabwela yekha amauzidwa kuti apumule, adye bwino, akonzekele ulendo wa kuchipatala nthawi isanakwane. Akafika kunyumba n'kufotokoza, mwamuna amaganiza kuti akungofuna kuthawa khasu. Mwamunayo akanamva yekha ndi makutu ake, pakhomo pakanakhala pophweka.

Alangizi anabweleza zonse, osaonjezela kanthu. Namwino anagwedeza mutu.

"Ine ana anga onse anabadwa ndisanapondeko ku sikelo," anatelo alangizi. "Palibe anandiuzapo kuti kumeneko kuli mawu anga oti ndikamve."

Inenso ndinabweleza za chimanga mpaka alangizi anavomela, ndipo namwino anabweleza za atsikana anga. Chodabwitsa n'chakuti nditamva nkhani yanga ikutuluka bwinobwino pakamwa pa munthu wina, mtima unakhala pansi, ndipo sindinaumililenso. Tinagwilizana kutenga ya sikelo. A ofesala anati anthu a kwawo sakonda misonkhano ya munthu mmodzi kuima kutsogolo n'kumawelenga pepala, koma sewelo amabwela ngakhale osaitanidwa. Choncho tinapangana kuchita sewelo lalifupi, kenako kukambilana. Ine anandisankha kukhala mayi woyembekezela chifukwa cha mawu anga omveka patali. Alangizi anakhala mwamuna wanga. Namwino anakhala namwino. A ofesala anatenga mbali yotsogolela zokambilana, chifukwa Chinsenga chawo chinali cha pamtundu, pamene ine makolo anga anachokela ku Katete ndipo Chinsenga changa anthu amachimva akumwetulila.

Nditafika kunyumba ndinafotokozela amuna anga kuti ndapeza banja lina ku Nyimba ndipo ndili ndi pakati. Anali akukonza tcheni cha njinga. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bola mwanayo akabadwa akaleledwe komweko," anatelo. "Kuno tinamaliza."

Tinayeselela Maloweluka angapo pakhonde la namwino. Vuto linali lakuti alangizi sankanena mawu amodzimodzi kawili. Pamene anayenela kunena kuti "sindipita", ankayamba kufotokoza mbili ya banja lawo la m'sewelo, ng'ombe zomwe anapeleka, ndi khalidwe la apongozi. Ine ndinkaiwala poyankhila. Pomaliza tinagwilizana kuti ndikawagwila pa phewa, ndiye kuti amalize chiganizo chomwe ali nacho n'kusiya. Namwino anandibweleka mtsamilo wa pa mpando wake, ndipo tinkaumanga ndi mpango mkati mwa chitenje.

Tinapita ku Nyampande Lamulungu lina masana, nthawi yozizila, anthu atakolola. A ofesala anali atapita kale dzulo lake kukapempha chilolezo kwa amfumu ndi kulengeza m'matchalitchi. Tinawapeza atavala chitenje ndi duku, akuseka ndi azakhali awo, munthu wina ndithu wosiyana ndi uja tinkamudziwa. Bwalo linali pansi pa mitengo ya mango, kufupi ndi madimba, moti fungo la anyezi ndi nthaka yonyowa linkafika pomwepo. Amai anakhala pa mphasa kutsogolo ndi ana. Abambo anaima kumbuyo, ambili atatsamila njinga zawo ngati anthu ongodutsa. Foni yojambulila tinapatsa mlamu wake wa a ofesala.

Sewelo linayamba. Ndinatuluka ndikuyenda mogwila msana, ndinagwada pafupi ndi alangizi amene anakhala pa mpando akusema mpini.

"Bambo, mailo ndi tsiku la sikelo. Anamwino anati tibwele tonse."

"Ndikatani kumeneko? Mimba ndi yako. Ine ndili ndi ng'ombe zofuna kumwa."

Amai a pa mphasa anayamba kung'ung'udza. Mayi wina wa pa mphasa ya kumbuyo anaponya mawu mokweza: "Poyamba paja munali awili." Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, ngakhale abambo a njinga aja. Alangizi, m'malo modikila kuti phokoso lithe, anatembenukila mayi uja n'kuyamba kudziteteza, ndipo ndinachita kuwagwila phewa kawili.

Tinafika pamene ndinayenela kupita ndekha ku sikelo. Ndinazungulila bwalo ndikupukuta thukuta, ndipo nditawelama kuti ndikhale pa benchi la namwino, mpango unamasuka. Mtsamilo unatsetseleka n'kugwela pa fumbi, maluwa ake ofiila ali poyela. Ndinaima osadziwa chochita. Namwino sanachedwe. Anautola, anaukuntha, naubwezela m'chitenje changa uku akunena mwaukali wa pa nchito: "Amai, masiku sanakwane. Mwaona kuipa koyenda nokha mtunda wonsewu?" Ana anagubuduka pa mphasa. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma mapewa ankandigwedezeka.

Sewelo litatha, a ofesala anaima pakati nafunsa anthu zomwe aona. Amai anayamba, ndipo onse ankadzudzula mwamuna wanga wa m'sewelo. Alangizi anangoti zyolii pa mpando, mpini uli m'manja. Zinkaoneka kuti takumana ndi zomwe tinkayembekezela, tiombe m'manja, tizipita.

Kenako bambo wina wa kumbuyo anaimika njinga yake nabwela kutsogolo pang'ono. Anali wa zaka zapakati, atavala jekete la kutchalitchi. Sankaseka.

"Musamuseke munthuyu," anatelo. "Ine ndinapitako. Mkazi wanga ali apa, anene ngati ndikunama. Ndinakhala pa benchi pakati pa azimai kuyambila m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Palibe anandilankhula. Mkazi wanga ataitanidwa, chitseko anatseka, ine ndinatsala panja ngati ndabwela kudzagulitsa kanthu. Pobwela ndinapeza ng'ombe zalowa m'dimba la eni ake. Ndiye mukuti ndipitenso?"

Ndinaona namwino akukoka mpweya kuti ayankhe, ndipo inenso mawu anali atafika kale pa lilime. A ofesala anatiyang'ana tonse awili, kamodzi kokha, kenako anatembenukila bambo uja. Analankhula m'Chinsenga, modekha.

"Mwati munapita, simunakane. Za mtunda simunadandaule. Chinakupwetekani n'chakuti munasiya nchito zanu, koma kumeneko palibe anakuonani ngati munthu wobwela ndi chifukwa. Ndamva bwino?"

Bambo uja anayang'ana a ofesala kwa kanthawi.

"Mwamva bwino," anatelo. Ndipo m'malo mobwelela ku njinga yake, anakhala pansi pa muzu wa mango.

Atangokhala, abambo ena anayamba kusendela. Wina anati amaopa kusekedwa ndi anzake. Wina anati sadziwa ngati mwamuna amaloledwa kulowa m'chipinda chija. Namwino, amene tsopano mpweya uja anali atautulutsa, anafunsa funso m'malo moyankha: "Kuti mubwele, mungafune mupeze zotani?" Anamuuza. Ankafuna kuti obwela awili aziwaona m'mawa, kuti mwamuna abwelele ku ziweto. Ankafuna kuti aziitanidwa kulowa, osati kusiyidwa pakhomo. Mkazi wa bambo wa jekete uja nayenso analankhula, mwana ali kumsana. Anati iye safuna kuti mwamuna wake azikhala pa benchi tsiku lonse. Akufuna amve yekha zomwe anamwino amanena, ndiponso amukweze pa njinga pobwelela, chifukwa ulendo wobwelela ndi umene umalemela.

Nthawi yonseyi alangizi sanatsegule pakamwa. Ine ndinkawayang'ana ndikuganiza kuti mwina akwiya ndi kudzudzulidwa kuja. Koma anthu atamaliza, anaimilila n'kufunsa, mwachidule kuposa mmene ndinawamvelapo:

"Sewelo lathu linatha molakwika. Tiuzeni inu mmene lithele."

Anthu anatiuzadi. Anatibwezela poyambila. Amai ankandiuza mawu oti ndinene, abambo ankauza alangizi poyankha, ndipo ankatsutsana okhaokha ngati mwamunayo avomele msanga kapena ayambe wadandaula za ng'ombe. Anagwilizana kuti adandaule pang'ono, kenako apemphe mnansi kuti amuyang'anile ziweto. Bambo wa jekete anadzipeleka kukhala mnansiyo. Namwino anatilandila tonse awili, napatsa alangizi mpando. Pomaliza anthu anati sewelo silingathe popanda njinga. Wina anabweletsa yake. Ine si munthu wochepa thupi, ndipo alangizi anali atazolowela njinga yamoto ya kunchito. Tinazungulila bwalo tikupepeluka, ine dzanja limodzi litagwila malaya awo, lina litagwila mtsamilo, ana akutithamangila m'mbuyo. Tinakaima m'mphepete mwa dimba la kabichi, mwini wake atatambasula kale manja kuti atitchinge.

Tikutsanzika, mayi wina wachikulile anandikokela pambali. Za mtsamilo anali ataziona, koma zina zonse anazitenga kuti ndi zoona.

"Mwana wanga, amuna ako aja ndi olongolola, koma mtima ndi wabwino. Uziwapilila."

Ndinayang'ana kumene kunali alangizi. Anali atazunguliidwa ndi abambo, akufotokoza za mankhwala a mbozi za mu kabichi.

"Zikomo amai, ndiziyesetsa," ndinatelo.

Anatipatsa tomato ndi lepu wodzaza thumba, ndipo tinagawana pa mseu tikudikila galimoto.

Tchuthi chitafika tinakaonetsa nchito yathu ku Lusaka. Kanema wathu sanali wooneka bwino. Mlamu wa a ofesala ankati akaseka foni inkaloza kumwamba, choncho mbali yaikulu inali masamba a mango ndi thambo. Koma mawu ankamveka onse. Aphunzitsi anamvetsela atatseka maso. Pofika pa bambo wa jekete anaimitsa, nabweleza, kuti kalasi yonse imve mmene a ofesala anayankhila. Kenako anatifunsa chomwe chinativuta kwambili. Namwino anati kusayankha. Alangizi anati njinga. Tinakhoza bwino tonse anayi, ndipo namwino anatiuza kuti pa kachipatala kawo anali atayamba kale kuitana mwamuna kuti alowe limodzi ndi mkazi wake, ngakhale anzake ena a pa nchito ankati zikuchedwetsa mzele.

Pobwelela tinakwela basi imodzi. Titawoloka Luangwa alangizi anayamba kuimba foni, akunena kumene tafika mobwelezabweleza. Basi itaima pa Nyimba anatsika ndi chikwama chawo, ndipo azimai ogulitsa nthochi anazungulila mawindo monga mwa masiku onse. Pakati pawo panali mayi wina wovala bwino, wopanda lichelo pamutu, akuyang'ana windo lililonse. Alangizi anamulozela pamene ndinakhala.

"Ndinu amai a mimba aja?" anafunsa.

Ndinavomela, manyazi atandigwila pang'ono. Anali akazi awo enieni a alangizi.

"Kanema uja ndinamuona. Alendo akabwela kunyumba ndimawaonetsa. Zaka zonsezi bambowa sanandikwezepo pa njinga, ndiye nditaona ndinawauza kuti nanenso ndikufuna. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke ulendo uno anandikweza mpaka kumsika."

"Munafika bwino?"

"Tinagwa kamodzi," anatelo. "Landilani izi, mukadye ndi ana."

Anakweza phava lalikulu la nthochi, lomwe linachita kuvuta kulowa pa windo. Basi inayamba kuyenda alangizi akadali kundiuza mtundu wa nthochizo ndi mmene amazibzalila, akuyenda m'mbali mwa basi mpaka inawasiya. Ndinathyolela namwino ndi a ofesala, ndi mayi wina amene anakhala pafupi nafe, ndipo tinadya mpaka namwino anatsika pa Minga.